Jessica Wakefield amakhululukidwa chifukwa chiyani?

Abale a m'gulu lino, sabata ino tiyeni tibwerere ku timabuku tija ta zikuto zowala, ta Sweet Valley High. Ena mwa inu munatipeza m'laibulale ya kusekondale, ena munagula kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu, masamba atachita kale chikasu. Achinyamata a masiku ano mwina simunationepo n'komwe, ndiye ndiyambe ndafotokoza pang'ono.

Anayambitsa mabukuwa ndi Francine Pascal wa ku America mu 1983, ndipo loyamba lake ndi Double Love. Mayiyu, yemwe anamwalira mu 2024, sankalemba yekha buku lililonse. Iye ankakonza mutu wa nkhani ndi anthu ake, kenaka alembi ena obisika n'kumadzaza masamba pogwiritsa ntchito dzina loti Kate William. Mabukuwo anapitirira 140. Zonse zimachitikira m'tauni yopeka ya ku California, ndipo pakati pa nkhani pali mapasa a zaka 16, Elizabeth ndi Jessica Wakefield. Nkhope ndi imodzi, koma mitima ndi yosiyana. Elizabeth ndi wofatsa, amalemba m'nyuzipepala ya pasukulu yotchedwa The Oracle. Jessica ndi wa magule ndi anyamata, ndipo chimene wafuna amachitenga basi.

Tamverani zimene Jessica amachita m'buku loyamba lokhali. Todd Wilkins, katswiri wa basketball, akufuna Elizabeth. Akaimba foni kunyumba, Jessica ndiye amayankha n'kumutsekereza kuti asalankhule ndi m'bale wakeyo. Kenaka Jessica amapita ku bala ndi Rick Andover, mnyamata wosiya sukulu. Kumeneko kumabuka ndewu, wapolisi amamubweretsa kunyumba akuganiza kuti ndi Elizabeth, ndipo iye amangoti zii osamuwongolera. Mmawa mwake sukulu yonse ikunena Elizabeth. Sizinathere pomwepo. Ataona kuti Todd sakumufuna, Jessica amauza Elizabeth kuti mnyamatayo anafuna kumugwira mokakamiza. Bodza lenileni, ndipo si bodza la masewera ayi.

Chilango chake mukuchikumbukira? Pasukulupo pali mwambo woti wolemba danga la miseche m'nyuzipepala akadziwika amaponyedwa m'dziwe losambiramo. Wolemba wake ndi Elizabeth, koma iye amakonza zoti anzawo amusokoneze ndi Jessica, ndipo woponyedwa m'madzi amakhala Jessica. Anthu amaseka, buku n'kutha. Munthu waipitsa mbiri ya m'bale wake, wanamizira mnyamata mlandu woti ukanamuwonongera moyo, malipiro ake n'kunyowa zovala basi. Eti zoona?

Apa ndiye pagona nkhani yanga. Ambiri timawerenga mabukuwa ngati nkhani za chikondi cha mnyamata ndi mtsikana, koma chikondi chenicheni chimene mlembi akuchiteteza ndi cha mapasawa. Todd ndi anyamata enawo ali ngati mipando ya m'nyumba, yongosunthidwa uku ndi uku. Chimene sichiloledwa kusweka ndi ubale wa Elizabeth ndi Jessica, ndipo kuti usasweke, pamafunika munthu wina wolipira mtengo wake.

M'buku lachiwiri, Secrets, wolipira ndi Enid Rollins, mnzake wapamtima wa Elizabeth. Enid ali ndi chinsinsi: m'mbuyomo analowerera m'mankhwala osokoneza bongo pamodzi ndi mnyamata wina, George Warren, ndipo galimoto imene anali nayo inagunda mwana. Anasintha khalidwe, koma amalemberanabe makalata ndi George, ndipo akuopa kuti chibwenzi chake cha nsanje, Ronnie Edwards, akadziwa amusiya. Amaulula zonsezi kwa Elizabeth yekha. Jessica amapeza imodzi mwa makalatawo n'kuifikitsa mobisa kwa Ronnie. Chifukwa chake? Akufuna kuti asankhidwe mfumukazi ya dansi ya pasukulu, ndipo Enid akuoneka kuti angamupose. Ronnie amamusiya Enid, naye Enid amakwiyira Elizabeth poganiza kuti ndiye waulula.

Gawo limeneli ndimalilemekeza, chifukwa apa bukuli likunena zoona. Aliyense amene anagonako ku hositelo akudziwa mmene zimawawira chinsinsi chimene unanong'oneza munthu mmodzi usiku chikamveka m'kalasi. Chibwenzi kutha sichipweteka kwambiri ngati kukayikira mnzako amene unkadya naye mbale imodzi. Enid akamuzemba Elizabeth, ndipo Elizabeth osadziwa chimene walakwa, bukuli limafika pamtima kuposa pamene pali kupsompsonana kulikonse. Mlembi anagwira chinthu chenicheni, koma anachitaya msanga. Elizabeth atazindikira kuti wachita izi ndi Jessica, kubwezera kwake n'kukonza zoti mfumu ya dansi ikhale Winston Egbert, wanthabwala wa m'kalasi, m'malo mwa Bruce Patman wolemera uja amene Jessica ankamufuna. Taonaninso apa: Winston, mwana wosalakwa, wasanduka chikwapu chokwapulira Jessica, ngati kuti kuvina naye ndi chilango.

Ndiye ine Elizabeth sindimuona ngati mngelo monga mmene bukuli likufunira. Kufatsa kwake ndi kumene kumamupatsa Jessica mpata. Amakwiya tsiku limodzi, amabwezera mwanthabwala, kenaka amakhululuka m'malo mwa anthu amene sanamutume. Enid sanafunsidwe ngati wakhululuka. Todd nayenso sanafunsidwe. Timati magazi ndi magazi, inde, koma apa magaziwo akugwiritsidwa ntchito yofufutira milandu ya anthu ena.

Komabe musandimve molakwa, Jessica ndiye injini ya mabukuwa. Muchotseni muone ngati mungafike tsamba 20. Pascal ankadziwa kuti owerenga amadzitcha Elizabeth pagulu koma mumtima amatsatira Jessica, ndipo Jessica akanalangidwa zenizeni n'kusintha, buku lachitatu silikanakhalapo. Kusalapa kwake ndi bizinesi. N'chifukwa chake buku lililonse limatha ndi kanyambo kokukokerani ku lotsatira, ndipo njirayi inagwira ntchito: mu 1985 Perfect Summer linalowa pa mndandanda wa mabuku ogulidwa kwambiri wa New York Times, chinthu chimene mabuku a achinyamata anali asanachitepo.

Pali kanthu kena kongodutsa. Mabukuwa sankatopa kutikumbutsa kuti mapasawa ndi a tsitsi lagolide, maso obiriwira mosakanikirana ndi buluu ngati nyanja, ndipo amavala saizi 6. Atawasindikizanso mu 2008, anasintha zina kuti zigwirizane ndi nthawi, ndipo saizi ija anaitsitsa kufika pa 4. Zovala anazichepetsa, koma khalidwe la Jessica sanalikhudze.

Kwa inu amene mukuti ndikukokomeza, kuti awa anali ana chabe ndipo akanakula, fufuzani Sweet Valley Confidential, limene Pascal anatulutsa mu 2011. Papita zaka khumi, mapasa ali ndi zaka 27. Elizabeth wathawira ku New York, sakulankhulana ndi m'bale wake, chifukwa Jessica wamulanda Todd yemwe uja ndipo akukonzekera ukwati. Kwa masamba ambiri mumaganiza kuti ulendo uno mkwiyo wa Elizabeth ukhalitsa. Pofika kumapeto amagwirizananso, Jessica amakwatiwa ndi Todd, ndipo Elizabeth amapezeka ali m'manja mwa Bruce Patman.