Mau a Éva Marton

Ku Ulaya kuli mtundu wina wa masewero wochedwa opera. M'masewero amenewa anthu salankhula, koma nkhani yonse amacita kuiimba, ndipo patsogolo pao pamakhala gulu lalikulu la anthu oliza zoimbira. Woimba sakhala ndi makina okuzira mau. Ayenera kumveka ndi mphamvu ya cifuwa cace cokha, ngakhale m'nyumba yolowa anthu oposa 3,000. Mkazi woimba mau okwera koposa amachedwa soprano.

Mmodzi wa akazi otere ndiye Éva Marton, amene anabadwa m'caka ca 1943 ku Budapest, mzinda waukulu wa dziko la Hungary. Anaphunzira pa sukulu ya nyimbo ya Franz Liszt mumzinda momwemo, nayamba kuimba pabwalo mu 1968. Mu 1972 mtsogoleri wa oimba, Christoph von Dohnányi, anamuitanira ku Frankfurt m'dziko la Germany, ndipo mu 1976 anaimba koyamba ku Metropolitan Opera ya ku New York.

Mbiri yace inamveka makamaka cifukwa ca sewero la Turandot, limene anapeka Giacomo Puccini wa ku Italy. Turandot ndi mwana wamkazi wa mfumu ya ku China. Mwamuna ali yense wofuna kumkwatira amamponyera zirapi zitatu, ndipo wolephera amdula mutu. Mbali imeneyi njobvuta zedi, pakuti mkaziyo akangoyamba kuimba ayenera kukweza mau mpaka pamwamba, nawagwira pomwepo, zoimbira zonse zirikulira. Akazi ambiri amaiopa. Marton anayamba kuiimba ku Vienna mu 1983, ndipo mu 1987 anaiimba ku New York pamodzi ndi Plácido Domingo. Mau ace anali akulu, olimba ngati citsulo, ndipo sanali kumira m'phokoso la malipenga. Womva sanali kukayika kuti mkazi uyu angathedi kuphetsa munthu.

Koma kukula kwa mau si ndiko kuimba konse ai. Kumapeto kwa sewero lomwelo mtima wa Turandot usungunuka ndi cikondi, ndipo apo mau ayenera kufewa. Marton anali wopambana pa ukali koposa pa kufatsa. Atakula, mau ace okwera anayamba kunjenjemera, ndipo nthawi zina anali kumveka ngati mfuu. Cobvuta cimeneci cimveka kwambiri m'nyimbo zace zojambulidwa, cifukwa makina amakhala pafupi ndi pakamwa, ndipo sabisa kanthu. M'nyumba yaikulu mtunda umasalaza mau. Nzosadabwitsa. Iye anasenza kwa zaka zambiri mbali zolemera, monga Elektra wa Richard Strauss ndi Brünnhilde wa Richard Wagner, ndipo katundu wotere amalemetsa khosi la munthu ali yense.

Komabe amene amati Marton anali wa mau okha alakwa. Mu 1986, alikuimba sewero la Tosca ku New York, mnzace Juan Pons anamgunda mwangozi ndi cigongono, nsagwada yace niguluka. Nyimbo yofatsa ya m'sewerolo inali isanafike. Iye sanacoke pabwalo; anaiimba ali ndi ululu, natsiriza sewero lonse. Kupirira pakokha sikukometsa nyimbo, koma kumasonyeza munthu amene walowa m'nkhani yace ndi thupi lonse, ndipo ici ndico cimene anthu anali kudzera kudzaona mwa iye.

Mu 2008, ku Barcelona, anaimba mbali ya Klytämnestra, mai wace wa Elektra, ya mau otsika. Anaphunzitsanso pa sukulu imene iye anaphunzirapo, ndipo mu 2014 mpikisano wa oimba acinyamata wochedwa ndi dzina lace unayamba ku Budapest.