David Wilkie ndi luso lojambula anthu wamba

Mu 1806, mnyamata wa zaka 20 wochokera ku Cults, m'chigawo cha Fife ku Scotland, anaonetsa chithunzi chake ku Royal Academy mumzinda wa London, ndipo dzina lake linamveka nthawi yomweyo. Mnyamatayo anali David Wilkie, chithunzicho ndi Village Politicians. Mulibemo mfumu kapena msilikali. Muli amuna a kumudzi atakhala m'nyumba yomweramo mowa, akutsutsana pa nkhani za m'nyuzipepala.

Kajambulidwe aka Wilkie anakaphunzira poyang'ana ntchito za David Teniers ndi Adriaen van Ostade, omwe ankajambula alimi akumwa ndi kusuta. Kwawo ku Scotland, David Allan anali atayamba kale kujambula maukwati ndi magule a anthu osauka. Chimene Wilkie anawonjezera ndi ulemu. Anthu ake saledzera kuti ife tiseke. Akuganiza, ndipo ganizo la aliyense likuoneka pankhope ndi m'manja mwake: wina watambasula dzanja kutsindika mfundo, mnzake wamva koma sakukhutira. Mu Village Politicians, kuwala kumagwera pagulu lapakati, makona a chipinda n'kutsala mumdima wa utoto wofiirira, choncho diso limayambira pamene pali mkangano kenako n'kumayenda pang'onopang'ono kukapeza ziwiya ndi anthu ena.

Nkhope zoterezi munthu sangazipeke. Bambo ake a Wilkie anali abusa, ndipo Wilkie ankajambula mobisa akhristu m'tchalitchi pokonzekera Pitlessie Fair, chithunzi cha msika cha mu 1804. Chimenecho chili ndi chilema: anthu achulukitsa, diso likusowa popumira. Patangotha zaka ziwiri anali ataphunzira kusankha woti aoneke ndi woti abisike.

Luso limeneli linakhwima mu Distraining for Rent cha mu 1815, pomwe anthu otumidwa afika kudzalemba katundu wa mlimi amene walephera kulipira lendi. Mlimiyo wangokhala pathebulo, wagwira mutu, pamene anansi akukalipira olanda katunduwo. Wilkie sanakometse umphawi, komanso sanaunyoze.

Ena amaderera zithunzi zotere poti nkhani zake ndi zazing'ono. Akulakwitsa. Kujambula munthu wosatchuka mpaka woona n'kumumvera chisoni kapena kufuna kumva mfundo yake ndi ntchito yovuta, ndipo Wilkie anaikwanitsa.