Amisiri a pa chiwaya ku Ndirande

Alendo akafika ku Blantyre amathamangira ku Mandala House, nyumba yomangidwa mu 1882. Mwana wa mumzindawu akabwera kuchokera kutali, amayamba wafika pa chiwaya ku Ndirande.

Wokazinga tchipisi amalawirira m'mamawa kusenda mbatatesi yochokera ku Ntcheu ndi Dedza. Pakati pa chiwaya pamakhala polowa, pomwe mafuta amawira. Tchipisi chikapsa amachikankhira m'mbali kuti mafuta akhe koma chisazizire. Moto ukachepa amaumva ndi khutu, kulira kwa mafuta kukasintha, n'kusonkhezera nkhuni.

Ogula amadya chiimire, akuwaza mchere, tsabola wa kambuzi ndi kabichi wodula mosalala.

Okazinga tchipisiwa ndi amisiri enieni, ndipo chiwayacho chikudyetsa mabanja ndi kuphunzitsa ana mu Ndirande.