Manja Ake, Mawu Ake: Kumveranso Chimbale Choyamba cha Alicia Keys

Nyimbo ya "Fallin'" imayamba yopanda choyimbira chilichonse. Ng'oma ili zii, besi ili zii, ngakhale piyano imene mwini nyimboyu amadziwika nayo idakali chete. Chimene mumamva ndi liwu lokha la mtsikana, likukwera, likupindapinda pa mawu amodzi omwewo, kenaka n'kuyamba kutsika mwachifatse ngati mayi wotsetsereka chitunda ndowa ili pamutu. Liwulo likangoponda pansi, dzanja nalo lagwa pa piyano, osachedwa, osafulumira. Chimbale cha Songs in A Minor ndachimvera kambirimbiri pa zaka zonsezi, ndipo wina akandifunsa pamene pagona luso lake, ndimaloza kamphindi kameneka.

Aliyense amene adayimbapo m'kwaya akudziwa ntchito imene wa kiyibodi amakhala nayo. Maso ake sachoka pakamwa pa wotsogolera nyimbo. Wotsogolera akakoka mpweya, iye akonzeretu zala. Wotsogolera akatalikitsa mawu poti nyimbo yamulowa m'mafupa, iye adikire. Ngakhale awiriwa atazolowerana chotani, pamatsalabe kampata pakati pa khosi la uyu ndi zala za uyo. Woyimba wodzilizira yekha alibe kampata kameneko, chifukwa chifuwa chimene chikukoka mpweya n'chomwecho chimene chikutuma manja. Inde, mu situdiyo mawu ndi zoyimbira kawirikawiri amazijambula padera. Koma nyimbo yobadwira pa piyano, imene mwini wake adayibwereza usiku ndi usana ali khale pampando womwewo, siitaya chibadwa chake. Imapuma pamene munthuyo amapumira.

Alicia Keys adabadwa mu 1981 ndipo adakulira ku Hell's Kitchen, mumzinda wa New York, m'manja mwa mayi ake. Piyano adayiyamba ali ndi zaka 7, ndipo inali ya m'buku yeniyeni, ya Beethoven, Mozart ndi Chopin. Ali ndi zaka 15 kampani ya Columbia idamusainitsa. Akuluakulu a kumeneko ankafuna kumupezera anthu omupekera ndi omukonzera nyimbo, iye yake ikhale yotsegula pakamwa basi. Mtsikanayu sadalole. Adayamba kujambula yekha pamodzi ndi mnzake Kerry Brothers, wotchedwanso Krucial, m'kanyumba ka ku Harlem, zipangizozo akuziphunzira pozigwira. Zimene adatulutsa sizidawakomere a Columbia. Clive Davis, mkulu yemwe kale adasainitsa Whitney Houston, adamutengera ku Arista, ndipo Davis atachokako n'kuyambitsa J Records mu 2000, Keys adamutsatira. Chimbale chidatuluka mu June 2001, mwini wake ali ndi zaka 20.

Njira imeneyi adayidutsapo kale wina. Aretha Franklin adakhala ku Columbia komweko zaka pafupifupi 6, liwu lili labwino koma losapeza kwawo. Atasamukira ku Atlantic, Jerry Wexler adamukhazika pa piyano kuti gulu lonse lizitsatira manja ake, ndipo mu 1967 dziko lidamva Aretha weniweni. Nina Simone ndi Roberta Flack ndi a mtundu womwewu, amayi oyimba manja ali pa makiyi. Pofika 2001 mtunduwu udali utasowa pa wailesi. Chamba cha R&B chidali m'manja mwa akatswiri a makina monga Timbaland, The Neptunes ndi Rodney Jerkins; biti inkakonzedweratu, woyimba n'kubwera kudzakwerapo. Sindikunyoza kajambulidwe kameneko ayi. Zimene Aaliyah adachita ndi Timbaland n'zokongola mpaka lero. Koma khutu lidali litayamba kuiwala momwe nyimbo imamvekera ikamayendetsedwa ndi mpweya wa munthu m'malo mwa wotchi ya kompyuta.

Tsiku lina titaweruka ku kwaya, anthu akupinda mipando, ndidapempha mnyamata wathu wa kiyibodi kuti andilizire "Fallin'". Adayankha kuti, "Achimwene, imeneyo ndi ma chord awiri okha." Adayala zala pa E minor, n'kusuntha dzanja kupita pa B minor, n'kubwerera. Ine ndidatchera khutu kudikira yachitatu, chifukwa m'mutu mwanga nyimboyi inali yaikulu, yodzaza, yoti singakwane m'malo awiri. Yachitatuyo siidabwere. Vesi ndi ma chord omwewo, kolasi ndi omwewo, kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngati minsi iwiri yosinthana mu mtondo umodzi, uwu ukakwera uwo watsika.

Ndiye chimatisunga n'chiyani kwa mphindi zitatu ndi theka, osatopa? Choyamba ndi kagawidwe ka nthawi. Kugunda kulikonse kwagawidwa patatu, zala zikukwera makiyi limodzilimodzi n'kutsikanso, kotero nyimboyo imayenda mozungulira, siguba ngati asilikali. Kayendedwe kameneka n'kakale m'nyimbo za m'matchalitchi a anthu akuda ku America ndi m'chamba cha blues, ndipo amene amaidziwa "It's a Man's Man's Man's World" ya James Brown, ya mu 1966, amamva chibale chake msanga. Chinanso n'chakuti Keys amadziwa kusunga. Satulutsa zonse poyamba. Ng'oma imalowa yolemera koma yosachulutsa zonena. Mawu ovomera amabwera pang'onopang'ono, mpaka cha pakati mumapezeka kuti mwazunguliridwa ndi kwaya yathunthu, mawu osanjikizana akukankhana kukwera. Vayolini ya Miri Ben-Ari imalira cha kumbuyo, osalanda malo. Pansi pa zonsezo ma chord awiri aja akungosinthana. Ndipo nkhani ya nyimboyi ndi ya munthu amene amati lero wamukonda mwamunayu, mawa wamuleka, mkuja wabwereranso, osatha kuchoka. Mawu akunena za kupita ndi kubwera, manja nawo akupita ndi kubwera. Chord yachitatu ikadakhala khomo lotulukira, pamene munthu wa m'nyimboyi alibe khomo. Nyimboyi adayipeka yekha ndi kuyikonza yekha, ndipo sindikhulupirira kuti gulu la alangizi likadamulola kuyisiya yosauka chonchi.

Mukaidziwa bwino "Fallin'", chiyambi cha chimbale chimamveka mwatsopano. "Piano & I" imatsegula ndi gawo loyamba la Moonlight Sonata ya Beethoven, ya mu 1801, Keys akuyankhula pamwamba pake, kenaka biti ya hip hop n'kugwera pansi. Poyamba ndinkaona ngati n'kudzionetsera kwa mwana wasukulu amene akufuna tidziwe kuti adaphunzira. Mwina kalipo pang'ono. Koma mverani dzanja lamanja la Beethoven: nalonso likuyenda makiyi atatuatatu, mu kiyi ya minor, modekha. Mtsikanayu adaona kuti zimene adaphunzira m'buku ndi zimene adamva kwa Aretha ndi James Brown zimakumana pa zala zomwezo, ndipo adationetsa malo okumanirawo tisanafike n'komwe pa "Fallin'", nyimbo yachinayi. Dzina la chimbale nalo likuchokera pa benchi la wophunzira. A minor ndi kiyi imene masitepe ake ali pa makiyi oyera okhaokha, ndiye mwana woyamba piyano amakumana nayo msanga. M'Chingerezi mawu omwewo amatanthauzanso mwana wosakwana zaka za munthu wamkulu, ndipo zambiri mwa nyimbozi adazipeka asanafike zaka 20.

Nyimbo ina imene imaonetsa manja ake ndi ya eni. "How Come You Don't Call Me" ndi ya Prince, yemwe adayitulutsa mu 1982 kuseri kwa mbale ya "1999", ili ya piyano ndi liwu basi. Kubwereza nyimbo ya Prince n'kuputa mavu, chifukwa iye ankayimba ngati akukunong'oneza chinsinsi ndi kukulirira nthawi imodzi. Keys sadayese kumutsanzira. Adawonjezera ng'oma, n'kulimbitsa dzanja lamanzere kuti lizigunda ngati phazi la munthu amene wadikira foni mpaka mtima wafika pakhosi. Kwa Prince mumamva kupempha. Kwa Keys mumamva mkazi amene akufunsa funso lomwe yankho lake akulidziwa kale, ndipo piyano ikumuthandiza kukwiya.

Tsono chimbalechi chili ndi nyimbo 16, chimapitirira ola lathunthu, ndipo si zonse zili pa muyezo umenewu. Chodabwitsa n'chakuti zofooka zake zimaoneka pamalo amodzimodzi: paliponse pamene piyano yabwerera m'mbuyo kuti biti itsogole. "Girlfriend", imene adakonza ndi Jermaine Dupri, n'kutapamo kachidutswa ka "Brooklyn Zoo" ya Ol' Dirty Bastard, ndi yovinika, koma woyimba wina aliyense wa chaka chimenecho akadatha kuyiyimba osasintha kanthu. "Jane Doe", imene adalemba ndi Kandi Burruss, ndi nkhani ya kulimbirana mwamuna yomwe tidayimva kale kwa ena, ndipo ena adayinena mokoma kuposa apa. "Mr. Man", yoyimba ndi Jimmy Cozier, imangodutsa. M'nyimbo zimenezi Keys amamveka ngati mlendo waulemu m'nyumba ya eni: akuchita zonse zoyenera, koma sadziwa pamene pali mchere.

"Rock wit U" yokha ndiyo imanditsutsa, ndipo ndimavomera. Piyano yake si imene ikutsogolera, komabe nyimboyo ili moyo. Isaac Hayes, mwini nyimbo za kanema wa Shaft wa mu 1971, adathandiza kukonza zoyimbira za zingwe, ndipo chiyambi chake chimatenga nthawi yaitali liwu lisanalowe. Mtsikana wa zaka 20, pa chimbale chake choyamba, kulola zoyimbira ziyankhule iye ali chete, ndi khalidwe la woliza, amene amadziwa kuti nthawi zina ntchito yake ndi kumvera anzake.

Za mawu olembedwa ndinene mosabisa: ambiri ndi a msinkhu wake. Chikondi, kusweka mtima, kulakalaka ufulu, zonenedwa mowongoka, zopanda mkuluwiko kapena chithunzi choti chikutsale m'mutu. "A Woman's Worth" ili ndi uthenga wolemekeza mkazi umene ambiri adaukonda, koma mukauwerenga papepala ndi malangizo wamba. Chimene chimaukweza ndi kayimbidwe kofatsa, ka ma 1970, ndi momwe liwu limachedwera pang'ono kumbuyo kwa biti ngati munthu amene sakufuna kukakamiza mfundo yake. Liwu lenilenilo si la Whitney Houston, ndipo silidayenera kutero. Lili ndi kamchenga pansi, ndipo akalikoka kupita pamwamba mumamva khosi likugwira ntchito, nthawi zina mopyola. Ena amakuona kukokako ngati chilema. Ine pa "Fallin'" ndi "Troubles" ndimakukonda, chifukwa munthu wosautsika mtima sayimba mosalala. Koma pali malo ena pamene amakuwa nyimbo isanafike poti n'kukuwa, ndipo pamenepo mumadziwa kuti ndi chimbale choyamba.

Dziko lidachilandira ndi manja awiri. Clive Davis adalembera Oprah Winfrey kumupempha kuti mtsikanayu aonekere pa pulogalamu yake, ndipo chimbale chitatuluka chidalowera pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard 200, chitagulidwa makope 236,000 sabata yoyamba yokha. "Fallin'" idakhala pamwamba pa Hot 100 masabata 6. Pa mphoto za Grammy za mu 2002 Keys adatenga 5, kuphatikizapo ya woyimba watsopano ndi ya nyimbo yopambana pa chaka. Usiku womwewo India.Arie, amenenso adabwera ndi chimbale chake choyamba, Acoustic Soul, gitala ili m'manja, adapikisana pa mphoto 7 n'kubwerera chimanjamanja. Zimenezi zimandiwawabe, chifukwa pa luso lolemba mawu India.Arie adali patsogolo, ndipo chaka chimenecho chidali ndi malo okwanira atsikana awiri odzilizira okha. Mu 2022 Library of Congress idaika Songs in A Minor m'kaundula wa nyimbo zoyenera kusungidwa ku America.

Koma ine ndikafuna kuchimva chimbalechi sindiyambira pa nyimbo zimene zidawina. Ndimalumphira cha kumapeto, pa nambala 12 ndi 13, pamene alendo onse apita. "Never Felt This Way" ndi nyimbo ya Brian McKnight imene Keys adayifupikitsa kukhala kachidutswa ka piyano ndi liwu, ndipo isanathe bwinobwino imatsanulikira mu "Butterflyz" popanda msoko woonekera. "Butterflyz" adayipeka ali ndi zaka 14. Mawu ake ndi a mwana amene wakonda koyamba ndipo m'mimba mukuchita kuti phiriphiri, palibe chozama. Koma mverani zimene manja akuchita pamene liwu lapuma. Mzere ukatha, piyano siingodikira wotsatira. Imayankha, imamaliza ganizo limene pakamwa palephera kumaliza, kenaka imafewa kuti liwu lilowenso. Pamene iye akukoka mpweya, phokoso la makiyi nalo limachepa, ngati nalo likukoka mpweya. Mnyamata wathu wa kiyibodi uja, nditamuyikira nyimboyi pa foni tili pakhonde la tchalitchi, adamvera mpaka pakati osayankhula, mutu uli pansi, zala zikuyenda pa bondo lake. Kenaka adati, "Bwezeraninso pamene wapumapo paja."