Mitambo ya mu Super Mario Bros.

M'chaka cha 1985 kampani ya Nintendo ya ku Japan idatulutsa masewera apakanema otchedwa Super Mario Bros. Zithunzi zake n'zolukidwa ndi timadontho tamakona anayi. Poti malo osungiramo zithunzi adali ochepa, amisiri adatenga chithunzi cha mtambo woyera, nachipaka mtundu wobiriwira, n'kuchisandutsa chitsamba. Nzeru yotereyi njoyamikika. Komabe thambo lawo silinena kanthu. Mitambo yake njofanana, yotukumuka ngati thonje, kusiyana kwake n'kutalika chabe. Palibe wakuda wolosera mvula, ngakhale wopyapyala ngati nthenga. Wojambula wa lero, amene malo samuchepera, alibe chowiringula. Asanaike kadontho koyamba, ayambe watuluka panja, ayang'ane kumwamba.