Magetsi Akazima Pakati pa Mizere Iwiri

Loweruka lina masana, pakhonde la nyumba ina ku Chilomoni, ndinakhala ndikuonerera mayi wina akukonzekeretsa mwana wa mchimwene wawo kukayankha mafunso a ntchito ya makompyuta kubanki. Mayiwa atha zaka zambiri akusamala database, nkhokwe ija yosunga maakaunti ndi mbiri ya ndalama za anthu. Laputopu panalibe. Patebulo panali kope la kusukulu, bolopeni ndi zitsekerero ziwiri za mabotolo a Fanta zoimira maakaunti awiri.

Funso linali limodzi lokha: chotsa K50,000 mu akaunti iyi, uike mu iyo. Mtsikanayo, yemwe wangomaliza kumene digiri yake, analemba mizere iwiri ya SQL mosajejema, woyamba wochotsa, wachiwiri wowonjezera. Azakhali ake anaika nsonga ya bolopeni pakampata ka pakati pa mizere iwiriyo.

"Magetsi azima apa. Ndalama zili kuti?"

Mtsikana anangoti duu. Kwa wotumiza zachoka, kwa wolandira sizinafike. Patapita kanthawi anakumbukira, nalemba BEGIN pamwamba, COMMIT pansi, n'kufotokoza kuti mizere iwiriyo tsopano yamangidwa mtolo umodzi wotchedwa transaction: ichitike yonse, apo ayi isachitike ndi umodzi womwe. Ine ndinkaganiza kuti apa wakhoza. Azakhaliwo anangogwedeza mutu pang'ono. "Dzinalo walitchula bwino, mwana wanga. Tsono kompyuta yoti yazima ikumbukira bwanji pomwe inalekezera?"

Apa ndi pomwe ndinaona luso lawo. Sanamuuze yankho. Anamufunsa za mwini golosale wochenjera, kuti munthu akabwera kudzatenga shuga pangongole amayamba chiyani, kupereka shuga kapena kulemba m'kope? Mtsikana anati amayamba walemba. Database nayo imatero. Isanasinthe maakaunti eniake pa disiki, imayamba yalemba m'kaundula wake, log, zomwe ikufuna kuchita. Magetsi akayaka imawerenga kaundulayo: ntchito yomwe inafika pa COMMIT imaimalizitsa, yomwe sinafike imaibweza ngati sinayambe. Maganizo amenewa anthu anawathera zaka. Jim Gray, mmodzi mwa omwe anawakhazikitsa, analandira mphotho ya Turing mu 1998 chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo zilembo zinayi za ACID zofotokoza makhalidwe a transaction, zomwe ofuna ntchito amaloweza usiku wonse, anazilumikiza Theo Härder ndi Andreas Reuter mu 1983. Tsiku lonselo mayiwa sanamufunse mtsikanayo tanthauzo la zilembozo. Ankafuna kuti azione zikugwira ntchito, chifukwa woloweza amagwa pafunso lachiwiri.

Kenaka anakankhira chitsekerero chimodzi pakati pa tebulo. Mu akauntiyi muli K60,000. Bambo ali pa ATM ku Limbe, mayi ali kunyumba ndi foni, ndipo onse atapa K50,000 pa sekondi imodzi. Aliyense wawerenga K60,000, aliyense wauzidwa kuti ndalama zakwana. Mtsikana apa sanachedwe: woyamba kufika atseke akauntiyo ndi loko, wachiwiri adikire. Koma lokoyo amabala vuto lake, ndipo azakhali anali atalikonzera kale. Anagwira chitsekerero chimodzi kudzanja lamanja, n'kupatsa mtsikanayo chinacho. "Ine ndikutumiza kwa iwe, iwenso ukutumiza kwa ine nthawi yomweyo. Ndatseka yanga, ndikudikira yako. Iwe watseka yako, ukudikira yanga. Tichoka liti pano?" Anakhaladi choncho, aliyense atafumbata chake, ngati malole awiri okumana pamlatho wopapatiza. Deadlock ndi imeneyo, ndipo ndikukhulupirira kuti mtsikanayu sadzaiiwala, poti anaigwira ndi dzanja.

Njira yake anaipeza yekha, ataumirizidwa kuganiza mokweza. Madatabase ambiri amazindikira mkanganowu n'kugwetsa mmodzi kuti ayambirenso, koma pali njira yopewera kuti usachitike n'komwe: aliyense, kaya akutumiza kaya akulandira, ayambe kutseka akaunti ya nambala yaing'ono. Onse akathamangira khomo limodzi, mmodzi amalowa, wina amaima panja chimanjamanja, ndipo palibe wogwira cha mnzake. Ine lamulo limeneli limandikoma kwambiri. Silifuna makina atsopano kapena pulogalamu yaitali, koma kungogwirizana poyambira.

Za mtundu wa manambala anangodutsapo. Ndalama sizisungidwa mu float, chifukwa kompyuta ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 mwanjira imeneyo imapeza 0.30000000000000004. Sunga matambala athunthu, kapena gwiritsa ntchito DECIMAL. Tambala pamsika sagulanso kanthu, koma m'mabuku a banki akasowa mmodzi, wina sagona.

Chomwe ankabwereza kwambiri chinali chakuti mtsikanayo asamaganizire mumtima. Akangokhala chete nthawi yaitali, ankagogoda tebulo. "Lankhula. Ofunsawo sangaone za m'mutu mwako. Ukasowa yankho, nena kuti apa sindikudziwa, koma ndingayambire apa." Iwo akhalapo mbali ya ofunsa, ndipo amati chomwe ankafuna kumva ndi mmene munthu amayendera akafika pomwe sanawerenge, poti tsiku lomwe seva idzagwe usiku wa malipiro, buku lotsegula silidzakhalapo.

Dzuwa litapendeka, mtsikana analembanso zonse patsamba loyera, maloko ali m'malo mwake, COMMIT ali pansi. Anayang'anitsitsa kwa kanthawi, kenaka anatenga bolopeni m'manja mwa azakhali ake n'kuika nsonga pansi pa COMMIT.

"Nanga azakhali, netiweki ikaduka apa? Ndalama zapita, koma uthenga sunafike pafoni. Munthuyo aganiza kuti zakanika, atumizanso."

Mayiwo anamuyang'ana, nakokera mpando pafupi. Anamuuza kuti atsegule uthenga uliwonse wa Mpamba kapena Airtel Money womwe uli m'foni mwake, awerenge nambala yaitali ija yomwe imabwera ndi malonda alionse. Kenaka anamufunsa chomwe seva iyenera kuchita pempho likafika kachiwiri litanyamula nambala yomwe yaiona kale. Tiyi anali atazizira m'makapu. Anatembenuza tsamba lina.