Kulankhulira Munthu ndi Kutumidwa ndi Iye

Mabuku ambiri a mbiri ya dziko lathu amafotokoza dandaulo la makolo athu ngati nkhani ya khungu chabe: kuti m'Bungwe Lopanga Malamulo la Nyasaland, lokhazikitsidwa mu 1907, munalibe munthu wakuda kufikira 1949. Izi n'zoona, koma ife tiona kuti kafotokozedwe kameneka n'kopereŵera.

Taganizirani Mlomwe wa m'minda ya tiyi ku Mulanje, amene ankakhoma msonkho wa nyumba ndi kugwira thangata. Womulankhulira analipo: mmishonale woikidwa ndi Bwanamkubwa, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre. Ngakhale mmishonaleyo akanalankhula mwachifundo chotani, Mlomweyo sanamsankhe, ndipo analibe njira yomufunsira kapena yomuchotsera. Chilonda chenicheni chinali pamenepo, ndipo ife a Mpingo tisadzipatulepo, pakuti kulankhulira munthu n'kosiyana ndi kutumidwa ndi iye.

Chisankho cha 1961 chinadzaza mipando ndi ana a dziko lino, koma chilondacho sichinapole. Pansi pa chipani chimodzi, kuyambira 1966, phungu ankayang'ana kumwamba, kwa womuika. Kalata ya Aepiskopi ya 1992 ndi riferendamu ya 1993 zinabwezera chisankho m'manja mwa anthu. Komabe mu 1995 aphungu anafafaniza gawo 64 la malamulo oyendetsera dziko, limene linkapatsa ovota mphamvu yochotsa phungu wawo nthaŵi isanakwane.

Wothyola tiyi wa lero amavota, ndipo ichi sitichichepsa. Koma funso la agogo ake likadalipo: chisankho chikatha, phungu amayankha kwa yani?